Bernadetta Asapite Loweruka

— Halo? Ndi ku Capital Hill? Ndimafuna a Reinford.

— Ndine. Ndani mnzanga?

— Maynard, alamu.

— Aa, bambo a Berna! Mwaswera bwanji?

— Ndaswera bwino, kaya inu? Akunyumba? Ana?

— Onse alipo, chimfine chabe. Mukumveka patali, muli kuti?

— Pa foni ya makobidi, ku Old Town kuno. Ya ku ofesi ili ndi makutu ambiri.

— Kwagwanji?

— Ayi, palibe. Dzulo ndinapita ndi Bernadetta kukaonera kanema woseketsa, wa basiketibolo.

— Inuyo? Kanema?

— Anachita kundikoka. Koma timu imeneyo, alamu. Mphunzitsi wawo amagona pabenchi, akamva wenzulo amadzidzimuka n'kuwomba m'manja, pomwe agoletsa ndi adani. Wina ngwa magalasi, koma masewera akamayamba amawavula, ati angasweke. Ndiye mpira amangopatsira woyimbira.

— Hehe. Alamu, ndili ndi mafayilo pano...

— Pang'ono chabe. Ndaiganizira bwino timuyi, vuto lake si awiriwo. Anali ndi wamtali mmodzi amene ankachita zonse. Atachoka, otsalawo amangoponyabe mpira m'mwamba, pamalo pamene ankaima. Mpira n'kugwa pansi, onse n'kumayang'anana.

— Anthu n'kumaseka?

— Berna anaseka mpaka misozi. Chimwalirireni mayi ake ndinali ndisanamumve akuseka. Amaseka ngati mlongo wanu yemwe uja.

— Halo? Mulipo?

— Ndilipo. Ndimaponya kobidi lina.

— Bambo a Berna, simunaime pamzere wa foni chifukwa cha mpira.

— Loweruka lija... galimoto ikubweradi?

— Ikubwera. Paja tinagwirizana Lamulungu, pokusudzulani, kuti mwana apita kwa mayi ake aang'ono ku Nathenje. Inu munali pomwepo.

— Ndinalipo.

— Tinakufunsani kawiri ngati muli ndi mawu. Munangoyang'ana nsapato zanu, n'kuti zikomo.

— Ndinaphunzitsidwa kuti mkamwini salankhula pa mbumba ya eni ake.

— Akafunsidwa amalankhula. Ife tinayesa mwatopa, mukufuna kuyamba moyo wina. Apongozi anu anadandaula kwambiri, ati mwana wawo anakwatiwa ndi mwala.

— Ali Fomu 2, alamu. Sukulu za kumeneko...

— Za sukulu zisiyeni, malo ndingamupezere ine. Inuyo mukufuna chiyani?

— Makobidi akunditheratu.

— Ndiye nenani msanga.

— Nyumba ija ndekha sindingaithe. Ndikufuna mwana wanga akhale.

— Ehe. Ndamva. Koma ine ndekha sindingamasule zimene anamanga akuluakulu, ngakhale ndili malume ake. Mawa mupemphe kuntchito, tikwere basi yoyamba ya kumudzi. Mukanene pamaso pa mayi, mawu omwewa, mutadzutsa mutu.

— Nanga akakana?

— Akhoza kukana, sindikubisirani. Mtima wawo sunazizire. Mwina akamva mwini wake akulankhula angafewe. Berna akuti chiyani za Loweruka?

— Sakudziwa.

— Mwati bwanji?

— Sindinamuuze. Ndayesa katatu. Mmawa uno ndamusiya akusita yunifolomu yotsegulira sukulu Lolemba.

— Alamu inu, mwana akuchoka mkuja. Muuzeni lero lomwe, mawa tipite naye. Asamve kwa dalaivala kuti...

— Halo? Alamu? Ndimuyambe bwanji? Halo?