Tsiku Lolembedwa Pakeke

Pamzere wa kwa wokonza mafoni, mayi wina ankadzitama kwa bambo amene anaima kumbuyo kwake.

"Foni yangayi ngakhale ataiba, sangaitsegule. Nambala yachinsinsi ili m'mutu muno."

"Ana ovala mofanana ali pachithunzi cha pafoni panuwa ndi anu, mayi?"

"Mapasa anga. Tsiku limene ndinachira sindingaliiwale mpaka kufa."

"Ndaliona, lalembedwa pakeke ili pachithunzipo. Tandibwerekani kaye."

Bamboyo anadina manambala anayi, foni n'kutseguka.

"Mayo ine! Ndinu wakuba kapena sing'anga?"

"Ndine telala chabe. Nambalayo isintheni lero lomwe, ndipo musaikenso tsiku lobadwa."

Mayiyo anafunsa:

"Nanga yakubanki, poti ndi yomweyo?"

"Thamangani, mayi. Mzere wonsewu wamva."