Ndalama Zanga Zokanidwa Zinathera ku Perekaniperekani

"Kodi amake mwana, ndalama zosagula ndi mchere womwe mumasungiranji?" Anandifunsa choncho mayi woyandikana nane atandipeza ndikuzikwecha ndi phulusa.

Ine ndimagulitsa milamba yowamba pamsika kuno ku Nsanje. Ndikapita kugolosale kukasinthitsa makobidi, mwini wake amakankhira pambali ndalama zimene akuti sizigwira ntchito: za ku Mozambiki, matambala akale aja, ndi ina yabowo pakati ya nthawi ya atsamunda. Anzanga amazitaya. Ine ndinkazitola n'kumaziika m'chitini cha mkaka kuti mwana wanga akadzakula adzazione. Zaka zinayi ndikutolera.

Mwezi watha kunali ukwati kwa achibale. Apongozi anga anapeza chitini chija kuseri kwa mtsuko n'kupita nacho ku perekaniperekani osandifunsa. Anavina nyimbo zitatu akuponya m'mwamba, anthu akululutira. Owerengera ndalama ataziona anangozisesera kumchenga, ana n'kumalimbirana.

Nditawafunsa apongoziwo mwaulemu anati, "Iii mwananga, ine ndimati mukundibisira chuma! Nanga ndalama yosagula kanthu mukuiweta ngati mbuzi?" Kenaka anayamba kudandaula kuti ndawachititsa manyazi pagulu. Wopepesa ndinakhalanso ine, tangoganizani!

Amayi anzanga, chimene mumachikonda muziwauziratu apanyumba, ngakhale akusekeni. Ine ndinabisa poopa kusekedwa.

Ndalama zija zinalipo makumi anayi ndi zitatu. Ana andibwezera ziwiri zokha. Zapita makumi anayi ndi imodzi, pamodzi ndi yabowo ija.