Okankha Galimoto ya Mkwatibwi

Ndinatha zaka zisanu ndi chimodzi ndikukonza galimoto yanga ya 1967 pansi pa mtengo wa mapeyala kwathu ku Mpingwe, kuti idzanyamule mwana wanga Tisungeni pa tsiku la ukwati wake. Lachiwiri, kutatsala masiku anayi, anatulukira mlamu wanga Stafford, woyang'anira mayendedwe pa ukwatiwo, kope lili m'manja.

"Alamu, ndabwera kudzalemba za galimoto yanu. Anthu angati?"

"Asanu," ndinatero ndikupukuta galasi. "Mipando yake ndi yachikopa chenicheni."

"Asanu akwana? Tsiku lija ku Limbe tinalipo asanu ndi awiri."

"Inu simunakwerepo galimoto iyi."

"Sindinakwerepo, ee. Ndinali kumbuyo, dzanja lili apa." Analoza pamwamba pa nambala.

"Ndiye mukufunsa anthu ati?"

"Okankha."

Ndinaponya kansalu pansi. "Galimoto iyi si yokankha. Tsiku limenelo linali vuto la batire."

"Nanga pa Ginnery Corner?"

"Inangotentha pang'ono."

"Nanga ku maliro ku Nancholi kuja?"

"Alamu, mukulemba za ukwati kapena mbiri yanga?"

Anayang'ana pachikuto cha kope lake. "Za ukwati. Komiti ikufuna nambala kuti telala awasokere malaya ofanana. Aoneka pa vidiyo, ndiye asaoneke ngati ongodutsa."

"Lembani ziro."

Analembadi. "Ndiye mukankha nokha. Chiwongolero agwira ndani?"

"Palibe wokankha, ndatero."

"Mkwati tingamuwerengere? Ndi mnyamata wa mphamvu zake."

"Mkwati akhala m'kati, pafupi ndi mkazi wake."

"Aa, ndiye katundu wachuluka." Anafufuta ziro uja. "Asanu ndi atatu."

"Tamverani, alamu. Galimoto iyi ndinaigula Tisungeni asanabadwe. Ndi imene ndinakamutengera kuchipatala ali khanda."

"Ndikukumbuka. Achemwali anga anafika kunyumba ndi mwana pa minibasi, inu munafika m'mawa mwake."

Zinalidi choncho.

"Nanga Tisungeni mwini wakeyo akuti chiyani?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Akuti akwera, poti ndinu bambo ake ndipo mwavutika nayo. Wangopempha kuti munyamuke sikisi koloko."

"Ukwati ndi teni. Tchalitchi chili apa pompa."

"Iyenso wanena zomwezo."

Mtima unandiwawa, komanso manyazi anandigwira. Mwana wanga analolera kudzuka m'mamawa ndi diresi loyera kuti asandikhumudwitse.

"Imani apo," ndinatero. "Muone nokha."

Ndinalowa, n'kupemphera chamumtima pemphero limene sindingalibwereze pamaso pa abusa, kenako n'kupotokola kiyi. Inatsokomola kamodzi, kawiri, basi n'kulira. Inalira bwino lomwe, mosalala, mmene sinalirirepo chiyambire. Ineyo ndinadabwa kuposa mlamu wanga, koma ndinatulutsa chigongono pawindo ngati zimachitika tsiku lililonse.

"Mwaona? Fufutani anthu anu aja."

Stafford anazungulira galimoto yonse, anawerama kumvetsera kutsogolo, n'kugwedeza mutu. Anadula mzere m'kope muja.

"Ndafufuta, alamu. Pepani."

"Palibe kanthu," ndinatero, dzanja likupita pa kiyi.

Anandigwira mkono msangamsanga.

"Ayi, ayi. Musaizimitse. Ukwati ndi Loweruka."