A Sefa ndi Chitsime Chawo

Malemu, amene ambirife timawadziwa kuti a Sefa, anabadwa pa 9 Ogasiti 1958, ndipo eni ake ankati anabadwira kuchiritsa madzi. Ankalumbira pagulu kuti tsiku la maliro awo tidzawasambitsa ndi madzi a m'chitsime cha kuseri kwa nyumba yawo, olira n'kumwa omwewo mpaka kukhuta.

Sukulu anayamba mu 1966. Kalasi imene analekezera, pabanja pano sitikugwirizana. Ine mlamu wawo ndikungodziwa kuti zolembedwa pa zigubu za mankhwala ankawerenga bwinobwino, kupatula machenjezo.

Mu 1979 analembedwa ntchito yopopera mankhwala pamunda wa kampani ina. Mu 1983 anakwatira alongo anga, amene amati anayamba kumva fungo asanaone nkhope.

Mu 2004 akatswiri anapeza kuti mankhwala aja analowa pansi n'kuwononga zitsime. Kampani inasamutsira malemu ku gulu loyeretsa: kupopa madzi pansi, kuwadutsitsa m'mathanki a makala, n'kuwabwezeranso pansi pomwepo. Munthu yemweyo, bwana yemweyo, zaka zina kuthira, zaka zina kuchotsa. Ife mpaka lero zikutizunguza mutu. Atapuma ntchito mu 2018, anadzimangira sefa yawoyawo ya migolo ya makala pachitsime cha kunyumba. Madzi a galimoto imene imagawira anthu ankawakana, ankati amenewo ndi a anthu amantha.

Chaka chatha anayamba kudwala impso. Dokotala wina anati ndi madzi, wina anati ndi zaka zopopera osaphimba kukamwa, malemu anati ndi mchere wa alongo anga. Atisiya Lachiwiri kuchipatala.

Asiya mayi a kunyumba, ana anayi ndi adzukulu asanu, amene akula akumwa chitsime chomwecho. Sabata yamawa onse akukayezetsa magazi, muwakumbukire.

Tikuthokoza anamwino, ampingo, anzawo akuntchito, komanso oyeza madzi amene anafika dzulo m'mawa amayi akutunga osambitsira. Akuti migolo ya malemu inkagwiradi ntchito, koma makala ake anakhuta poizoni kalekale, ndiponso akuti mankhwala pansipo amayenda. Amayenda bwanji, akupita kwa yani, sitinamvetse. Tinangoona akukhoma loko pampope wa chitsimecho.

Choncho tithokozenso adalaivala a galimoto ya madzi ija. Amene mukumwawo ndi awo, ndipo alamu tawasambitsa ndi omwewo. Ulendo uno sanakane.

Alamu, kauseni mumtendere.