Wosindikiza wa mu MSASA

Kompyuta ija anachita kubwera nayo pamutu kuchokera ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo Bambo Samuele, mkulu wa sukulu yomangidwa kumene kwawo ku Mandimba, kutsidya kwa malire, ankaitama ngati ng'ombe yawo. Madzulo ena mlembi wawo, Mayi Perpétua, ankaikamo pulogalamu yatsopano yolembera, poti ana alemba mayeso mawa, chonsecho gazolina mu jenereta anali atatsala wa m'chikho.

"Bambo Diretori, yaima. Ikufunsa."

"Ikufunsa chiyani? Ndani amafunsa mafunso pasukulu pano?"

"Ikuti pulogalamu inzake yoithandiza kusindikiza imakhala kuti. Tilembe malo ake m'kabokosi aka."

"Ha! Zophweka. Lembani MANDIMBA."

Mayi Perpétua analemba ndi chala chimodzi. Kompyuta inalira kuti tiii.

"Ikuti kulibe."

"Mandimba kulibe? Nanga ife takhala pati?"

"Pamipando, bambo. Koma kapepala kamene anatisiyira eni ake kakuti wosindikizayo anamuika m'foda yotchedwa MSASA."

Bambo Samuele anavula magalasi. Mwamuna ameneyu akavula magalasi, ngakhale nkhuku panja zimaleka kutola.

"Mayi Perpétua, ine ndinadya nandolo wa chithandizo mpaka mimba kulira ngati ng'oma. Ndinalumbira pamalire paja. Mawu amenewo salembedwanso pasukulu yanga!"

"Ndiye ndilembe chiyani?"

"Mwina Mandimba yaichepera. Yesani CUAMBA. Kuli sitima."

Tiii.

"Kulibenso."

"Nanga ku NGAUMA?"

Tiii.

"Iii, koma chinthu ichi n'chamwano! Chiuzeni kuti nkhondo inatha. Aliyense anabwerera kwawo."

Mayi Perpétua analemba NKHONDO INATHA, napinda manja.

"Ikuti sikupeza."

"Wamva! Ndale zimenezo!"

Panja jenereta inatsokomola, nyale ikuphethira. Bamboyo anayang'ana pawindo. Mabenchi atsopano anali atayalidwa kale, ndipo makolo anali atauzidwa kuti chaka chino mayeso ndi osindikiza, osati a pabolodi ngati ku msasa. 

"Tsekani chitseko," ananong'ona.

Anatseka.

"Lembani mawu anu aja. Koma zilembo zing'onozing'ono. Ndipo ine sindinaone."

Anatembenukira kukhoma ngati mwana wolangidwa. Chala chija chinagogoda kasanu.

Tiii.

"Nanga tsopano n'chiyaninso?"

"Ikuti kulibe."

"Kulibe bwanji? Si mwanena nokha kuti ali mu msasa?"

"Ndinati kapepala kakutero, bambo. Koma MSASA tinaufufuta m'mawa."

"Tinatani?"

"Munaona dzinalo pagalasi, munati chilichonse cha msasa chichoke pasukulu pano. Ndinafunsa kuti ndi zam'kati zomwe? Munati ndi mizu yomwe. Munaomba m'manja."

"Mayo ine! Ndiye nthawi yonseyi osandiuza?"

"Munati ndilembe Mandimba. Ndinalemba."

Bambo Samuele anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira mutu.

"Disiketi ina yosungira wosindikizayo ilipo?"

"Ilipo."

"Mulungu ndi wabwino! Ili kuti?"

"Ku Malawi, kwa mkulu uja ankayang'anira ofesi ya msasa. Sanasamukebe."

Jenereta inatsokomola komaliza, n'kuzima. Mumdimamo munangomveka Bambo Samuele akufufuza magalasi patebulo.

"Mayi Perpétua, njinga ili ndi mpweya?"

"Ili nawo. Anthu akafunsa ndinene kuti mwapita kuti?"

"Muwauze kuti Mandimba."

"Andiuza kuti kulibe, bambo."