Bambo Dunstan Manasseh ndi Bongo Yawo

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1958 ku Nsipe, m'boma la Ntcheu. Sukulu ya pulaimale anaphunzira komweko, ndipo mu 1977 anapita ku Blantyre kukaphunzira umakaniko. Mu 1985 anamanga banja ndi mayi Ketrina, omwe ndi namwino, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu.

Maminibasi akale ochokera ku Japan atayamba kudzaza misewu ya ku Limbe, bambo Manasseh anapeza ntchito ya moyo wawo wonse. Mazda Bongo ikatsokomola ankangotchera khutu, n'kutchula matenda asanagwire sipanala. Iwo ankati anthu a ku Japan ndi abale athu, ati chifukwa nawonso amayenda kumanzere kwa msewu.

Mu 2005 anatsatira mayi Ketrina, omwe anali atatsogola kale kuno ku Glasgow. Chisanu chinawafoola ndithu, mpaka tsiku lina ku Maryhill anaona Bongo itaima m'mbali mwa msewu, mwiniwake ataikamo bedi ndi chitofu. Anaseka mpaka misozi. Galimoto imene kwathu timapanikizanamo ndi matumba a makala, kuno anthu amagonamo patchuthi! Mu 2009 anagula yawo, ya mipando isanu ndi itatu. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ankatola anthu, ku Govan mpaka ku Dennistoun, ulendo wa kutchalitchi. Amene munakwerapo mukudziwa, injini siinkalira wina asanamange lamba, ngakhale abusa amene.

Mu Febuluwale 2024 mtima unayamba kuvuta, madokotala n'kuwaletsa kuyendetsa. Za matenda sankadandaula ayi. Chinkawasowetsa mtendere n'chakuti agogo ndi amayi a makanda adzapita bwanji kutchalitchi. Ana aamuna ali kutali, Vitu ku Aberdeen, Thandizo ku Lilongwe. Panatsala Sabina, mwana wawo wamkazi, wamantha ndi msewu, amene akaona raundiabauti thukuta limatuluka ngakhale kukuzizira. Bambo anakhala pampando wakumanzere kumuphunzitsa kuyendetsa kwa chaka ndi theka, khanda la Sabina lili kumbuyo pa kampando kake. Mayeso oyendetsa galimoto Sabina analephera kawiri. Bambo osakwiya, ankangoti nayonso Bongo siilira ulendo woyamba m'nyengo yozizira.

Pa 3 Okutobala 2025 Sabina anakhoza. Lamulungu lotsatira bambo anakhala pampando wakumbuyo kwa nthawi yoyamba, akutsogolera nyimbo njira yonse, ndipo sanamukonze mwana wawo ngakhale kamodzi. Anatisiya mwamtendere pa 21 Okutobala.

Asiya mayi Ketrina, ana atatu ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa, amayi a Mvano, ndi nonse amene mwatikhazika mtima pansi masiku ano. Amene munkawadikira pakhomo Lamulungu, musasinthe nthawi. Sabina adzafika, mwina mochedwerako pang'ono, poti amayendetsa mosamala.

Bambo Manasseh, ntchito mwaisiya m'manja mwa Sabina. Mzimu wanu uuse mumtendere.