Mlendo wa Pabalaza Panga

Nditatha zaka ziwiri ndili pa ulova, hotela ina inandiitana kuti ndikayesedwe ntchito ya pakhomo, yolandira ndi kuperekeza alendo. Anandipatsa kapepala ka Chingerezi kofotokoza kaimidwe ndi kayendedwe, ndipo ine, ndi nzeru zanga zomwezi, ndinapempha akazi anga kuti akhale mlendo woyeserera.

"Mayi, mwangofika kumene. Ine nditsogola, chibwano m'mwamba, chifuwa patsogolo."

"Nanga katundu wanga?"

"Katundu uti?"

"Mlendo amabwera chimanjamanja?" Anandisenzetsa beseni la zochapa.

"Iyayi, kapepala sikanatchule beseni!"

"Ndiye ndipite hotela ina?"

Ndinanyamula. Ndinayenda ngati tambala, maso kudenga, uku ndikulakatula Chingerezi changa. Bondo linakumana ndi mpando, gu!

"Mayo! Hotela ino imalemba anthu osaona?"

"Kapepala kakuti osayang'ana pansi!"

"Mpandowo unawerengako kapepalako?"

Ndinatula beseni pansi. "Tiyeni, mayi, chipinda chanu ndi ichi."

Anasuzumira, n'kugwira pakamwa. "Ha! Masokosi pabedi! Anagona muno ndani?"

"Ndi anga, mukuwadziwa bwino."

"Ine ndafika lero, achimwene. Ndiye mumagona m'zipinda za alendo?"

"Amayi a ana, tikungoyeserera!"

"Amayi a ana? Mlendo mumamuitana choncho? Ndiitanireni bwana wa pano."

"Bwana kulibe!"

"Zikuoneka."

Apa thukuta linali kamukamu. Mantha anandigwira ndithu. Ngati ndikulephera pabalaza panga, mawa kuhotela zikatha bwanji?

"Chabwino, zimenezo tidumphe. Tiyesere kuperekeza mlendo akamachoka. Munditsatire, osayankhula."

"Kapepala katero?"

"Ndatero ndine!"

Ndinakoka mpweya, mapewa kumbuyo, n'kuyambapo. Ulendo uno zinayenda, sindikunama. Ndinatsegula chitseko, n'kutuluka, n'kuwerama mwaulemu, dzanja likuloza kumsewu.

Kumbuyo kwanga chitseko chinangoti phaa, kenako ndinamva kiyi. Aneba anasiya kusesa n'kutsamira tsache.

"Amayi, tsegulani! Wotuluka ndi mlendo, osati ine!"

Ndinagogoda mwamphamvu.

"Anthu akundiona!"

Windo linatseguka pang'ono.

"Kuyenda mwakhoza, bambo, ndakupatsani mamalikisi onse. Koma ntchito ya pakhomo ndi kuima panja tsiku lonse anthu akukuonani. Yambani kuyeserera, mlendo akufuna kupuma."